Galimoto yozimitsa moto iyezedwe ndi njira za m'komboni

Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo. Ndimamanga mathanki a madzi, mabodi a malole ang'onoang'ono ndi ngolo zokoka, ndipo ndine mmodzi wa amisiri amene mumawaona akuthethetsa moto m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, pakati pa mageti ndi mafelemu a mawindo oimikidwa kudikira ogula. Pa ntchito yathuyi chida choyamba kugwira ndi tepi yoyezera, makina owotcherera amabwera pambuyo. Palibe mmisiri wolongosoka amene amadula chitsulo cha geti asanakayeze mpata wa pampanda, chifukwa geti lingakongole chotani, likakana kulowa ndi chitsulo chotayika. Ndikamaona galimoto yofiira ya ozimitsa moto ikudutsa ikulira, ndimaiyang'ana ndi maso omwewo, ndipo zimene ndimaona zimandiwawa. Galimotoyo ndi yabwino, koma inayezedwa ndi misewu ya Cairo Road ndi Great East Road, chonsecho anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse a mu Lusaka amakhala m'makomboni. Ine ndikunena kuti Kanyama, George, Chawama ndi makomboni anzake akufunika magalimoto othandiza pa ngozi aang'ono, ooneka achilendo, opangidwa poyeza njira zimene adzadutsemo.

Tiyambe ndi tepi. Galimoto yaikulu yozimitsa moto imakhala mamita awiri ndi theka m'lifupi, ndipo ikadzaza madzi, zida ndi anthu imalemera matani oposa khumi ndi awiri. Kuti ikhote pamafunika bwalo. Tsono makomboni ambiri sanayambe ndi misewu. Anayamba ngati misasa ya antchito pa mafamu ndi m'makwale a miyala a atsamunda, ndipo ufulu utabwera mu 1964 anthu anakhamukira mumzinda n'kumamanga paliponse pamene panali mpata. Lamulo la 1974 lovomereza malo oterewa, pamodzi ndi ntchito yowakonza imene Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inathandiza ku George, Chawama, Chaisa ndi Chipata, zinabweretsa misewu ingapo ndi mipopi, koma mkati mwenimweni njira zinatsala momwe mapazi anazipondera. Makomboniwa safanana onse ayi: Matero inamangidwa ndi khonsolo ndipo ili ndi misewu yolongosoka, Mtendere nayo inadulidwa mapuloti. Koma ngakhale kumeneko eni mapuloti awonjezera zipinda za lendi kumbuyo, amanga mipanda ya njerwa, aika tuntemba pakhomo, mpaka njira imene kale inkadutsa lole lero ikudutsa wilibala. Ku Kanyama kuli vuto linanso. Pansi pake ndi thanthwe la laimu, madzi a pansi ali pafupi, ndipo dzinja lililonse madzi amaima m'njira, monga zinachitikira pa chigumula chosaiwalika cha 1978. Ikani matani khumi ndi awiri pa njira yotere, pamwamba pa ngalande yovundikira ndi simenti yopyapyala, muona tayala likumira galimoto isanafike pamoto.

Chaka cha 2017 chinatipatsa mwayi wokambirana zimenezi, koma tinaugwiritsa ntchito theka. Pa 4 Julaye msika wa City Market unapsa, katundu wa amalonda ambirimbiri n'kusanduka phulusa. Chaka chomwecho boma linalandira magalimoto ozimitsa moto 42 pa mtengo wa madola 42 miliyoni a ku America, imodzi dola miliyoni imodzi. Anthu anakwiya, ndipo pa 29 Seputembala, tsiku lowerenga bajeti, a Laura Miti, woimba Pilato ndi anzawo anamangidwa pochita zionetsero pafupi ndi Nyumba ya Malamulo. Khoti linawapeza osalakwa mu Disembala 2018. Funso lawo linali la mtengo, ndipo linali funso loyenera kufunsidwa. Koma funso la mmisiri silinamveke kwenikweni. Ngakhale magalimotowo akanagulidwa pa theka la mtengo, m'lifupi mwake mukanakhala momwemo, ndipo njira za ku George sizikanafutukuka ndi sentimita imodzi. Ndalama ya galimoto imodzi yotere ingagule ndi kuveka zida timagalimoto toposa khumi tokhoza kulowa mpaka pakhomo pa munthu.

Kagalimoto kameneka ndikukadziwa maonekedwe ake, chifukwa zigawo zake zambiri ndi ntchito ya manja athu. Tengani chasisi ya lole ya matani awiri, Canter kapena Dyna, imene m'lifupi mwake ndi mita imodzi ndi masentimita 70 kapena kuposerapo pang'ono. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 1,200 ndi tani imodzi ndi makilogalamu 200, ndipo zotsalazo n'za chitsulo cha thankiyo, pampu, mapaipi ndi anthu atatu. Thanki iyenera kukhala yaifupi ndi yotambalala, yogona pansi pafupi ndi chasisi, kulemera kwake kugwere patsogolo pang'ono pa ekiselo yakumbuyo. Mkati mwake ndimo muli luso lenileni, ngakhale mwini galimoto saliona. Timawotchereramo zipupa za chitsulo, zina mopingasa zina motalika, chilichonse chobooledwa pakati ndi kudulidwa m'makona a pansi kuti madzi adutse pang'onopang'ono. Popanda zipupazi, woyendetsa akaponda mabuleki madzi onse amathamangira kutsogolo n'kukankha galimoto, ndipo akakhota amakhuthukira mbali imodzi mpaka matayala a mbali inayo kunyamuka. Thanki yofika theka ndiyo yoopsa kuposa yodzadza. Tikamaliza timaidzaza, kuisiya usiku wonse, m'mawa n'kuyendetsa chala pa msoko uliwonse kufunafuna chinyezi, chifukwa kadontho kamodzi lero ndi mng'alu pakatha miyezi itatu ya m'mabampu. Ndipo thanki sitiiwotcherera ku chasisi. Timaimanga ndi mabawuti pa mphira kapena masipuling'i, popeza chasisi imapindika ikamayenda m'njira zokumbika ndipo thanki yomatiridwa imang'ambika.

Anthu odziwa za moto amanditsutsa pamenepa, ndipo mawu awo ndi olemera. Amati malita 1,200 ndi madzi otsukira mbale, moto weniweni umafuna malita zikwi zambiri. Ndikuvomera kuti pa moto wa msika, wa fakitale kapena wa thanki ya petulo, kagalimoto kanga sikangaime m'malo mwa yaikulu, ndipo sindikunena kuti zazikuluzo zigulitsidwe. Koma tiyeni tiwerengere. Galimoto yonyamula malita 5,000, ikatsegula paipi imodzi yotulutsa malita 400 pa mphindi, imauma pasanathe kotala la ola, kenaka imabwerera kukatunga. Ndiye kuti nayonso mphamvu yake sili m'thanki, ili pa malo otungapo madzi, ndipo m'komboni mipopi ya ozimitsa moto ndi yosowa. Komanso moto wa m'komboni nthawi zambiri umayamba waung'ono: kandulo yogwera pa katani usiku wopanda magetsi, monga mausiku ambiri a 2024 madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, mbaula yosiyidwa pafupi ndi matiresi, waya wolumikiza mwachinyengo. Nyumba ndi ya njerwa za simenti, chimene chimapsa ndi za mkati, ndipo chipinda chimodzi chimatha m'mphindi zosakwana khumi. Paipi yopyapyala ya mphamvu, yotulutsa malita 120 pa mphindi, ikafika moto ukadali m'chipinda chimodzi imauzimitsa ndi madzi ochepa. Malita 5,000 oimirira pamsewu waukulu, mamita 300 kuchokera panyumba, amafuna kulumikiza mapaipi khumi kapena kuposa, mphamvu ya madzi ikuchepa pa paipi iliyonse, denga likugwa.

Za madzi otungapo, njira tinaiona kale ndi maso. Kolera itabuka mu Okutobala 2017, kuyambira ku Chipata ndi Kanyama, boma ndi mabungwe anaimika mathanki akuluakulu m'makomboni n'kumawadzaza ndi magalimoto a madzi, ndipo zinabwerezedwanso pa mliri wa 2023 mpaka 2024 pamene bwalo la masewera la Heroes linasandukanso chipatala. Miyendo yachitsulo yonyamula mathanki otere ndi ntchito imene timaidziwa bwino. Thanki iliyonse ya pa kiyosiki ya madzi, pa msika, pa sukulu ndi pa kiliniki itaikidwa kamwa lokwanirana ndi paipi ya ozimitsa moto, komboni yonse ingakhale ndi potungira. Pampu yonyamula pamanja, ya anthu awiri kapena anayi, ingathenso kukoka madzi m'makwale odzadza a ku komboni ya Misisi kapena m'chitsime. Apa pali chinthu chimene wogula zida m'buku sangachiganizire. Pampu imakoka madzi modalira kulemera kwa mpweya, ndipo Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, kumene mpweya ndi wopepuka. Pampu yokoka kuchokera mamita asanu ndi awiri kugombe la nyanja yamchere, kuno imataya pafupifupi mita imodzi ndi theka. Izi zimadziwika ndi munthu amene wayesa pampu pa nthaka ino.

Maiko amene sasowa ndalama anazindikira zimenezi kalekale. Ku Japan, kumene timagula magalimoto athu ambiri ogwiritsidwa kale ntchito, magulu a ozimitsa moto odzipereka amayendera timalole tating'ono tosafika mita imodzi ndi theka m'lifupi, tonyamula pampu ya pamanja kumbuyo, chifukwa misewu ya m'midzi ndi m'matauni akale ndi yopapatiza. Ku Venice ozimitsa moto amayenda pa mabwato. M'mizinda ina ya ku India amatumiza njinga zamoto zonyamula zida zopopera madzi ngati nkhungu. Palibe amene amati anthu amenewa atsalira.

Pa ambulansi nkhani ndi yomweyo, ndipo pano umboni uli pakhomo pathu. Wodwala wa mkati mwa komboni akalephera kuyenda usiku, chimene chimamufikitsa pamsewu kapena pa kiliniki nthawi zambiri ndi msana wa m'bale wake kapena zamukabu, wilibala ija yotalikitsidwa kutsogolo ndi mapaipi achitsulo imene masana imanyamula matumba ku msika wa Soweto. Amaiyala chitenje ndi bulangeti, wina agwira tochi ya foni, wina akankha, mutu wa wodwala ukugwedezeka pa mwala uliwonse chifukwa tayala ndi limodzi ndipo palibe chofewetsa. Ifeyo ndi amene timatalikitsa mawilibala amenewa, tikudziwa kuti sanapangidwire munthu. Komabe amafika kumene ambulansi ya Land Cruiser yochokera ku chipatala cha Kanyama, Chawama kapena Matero singafike. Kampani ya Zambikes ya mu Lusaka muno inapanga Zambulance, kangolo ka matayala awiri kokhala ndi matiresi ndi tenti, kokokedwa ndi njinga. Ku Serenje njinga zotere zathamangitsira kuchipatala ana odwala malungo aakulu, ndipo ku Mangochi m'Malawi njinga zamoto za eRanger, zokhala ndi bedi pambali, zanyamula amayi oyembekezera. Timaziona ngati zinthu za kumudzi, chonsecho mamita 500 a pakati pa nyumba ya ku George ndi msewu wa tala, nthawi ya dzinja, amavuta ngati njira ya kumudzi.

Ena amati kupatsa anthu a m'komboni njinga ndi timalole, pamene olemera a ku Kabulonga akutumiziridwa galimoto yaikulu, n'kuwanyoza, ndipo chofunika n'kukulitsa misewu. Mtima wa mawu amenewa ndimaumva, ndipo misewu ikulitsidwedi. Ku Cape Town, moto wa Malichi 2017 utatentha nyumba zoposa 2,000 ku komboni ya Imizamo Yethu, akuluakulu a mzinda anayesa kukonzanso malowo kuti pakhale njira zolowera, ndipo ntchitoyo inakumana ndi mikangano n'kutenga zaka. Kukulitsa njira ndiko kugwetsa chipinda cha lendi chimene mayi wamasiye amalipirira ana sukulu, ndipo sizichitika m'chaka chimodzi. Pakadali pano mbaula zikuyakabe. Ulemu umene munthu amafuna nyumba yake ikamapsa, kapena mkazi wake akamataya magazi, ndi woti thandizo lifike pakhomo.

Chitsutso chimene chimandikhudza kwambiri n'chonena za ife amisiri. Amati galimoto yonyamula miyoyo singamangidwe m'mbali mwa msewu ndi munthu wowotcherera atavala magalasi a dzuwa. Apa sindikana. Pakati pathu alipo amene amagwiritsa chitsulo chopyapyala kuti apindule, amene amabisa msoko woipa ndi penti, amene sanamvepo za kulemera kololedwa pa ekiselo. Zilipo zinthu zimene sitingapange konse: pampu, mapaipi opirira mphamvu, zida zopumira mu utsi, zonsezi zigulidwe kwa odziwa. Koma yankho lake ndi muyezo, ndipo mabungwe oupereka alipo kale. Sukulu yophunzitsa ozimitsa moto ku Kabwe ingalembe zimene kagalimotoko kayenera kuchita, bungwe la miyezo la ZABS linene makulidwe a chitsulo ndi kayesedwe ka misoko, bungwe loona za pamsewu la RTSA liyese kulemera ndi mabuleki, ndipo ntchito ipatsidwe kwa amisiri okhawo okhala ndi mapepala a bungwe la maphunziro a luso la TEVETA. Wolephera mayeso abwezedwe, ngakhale atakhala ine.

Chimene galimoto yomangidwa kuno imapambanira chimaoneka pakapita zaka zitatu. Galimoto yaikulu yochokera kunja ikafa kachipangizo kamodzi ka kompyuta, imaima pa siteshoni miyezi ikudikira sipeya ya kutsidya kwa nyanja ndi ndalama ya khonsolo. Sipeya ya Canter imapezeka m'mashopu a m'tauni tsiku lomwelo, makanika wa ku Matero amaidziwa injini yake ngati chikhatho chake, ndipo thanki ikadontha woimanga ali pa Kalingalinga pompa. Kagalimoto kotere sikafuna siteshoni yaikulu. Kangagone pa polisi, pa kiliniki kapena pa ofesi ya wadi, ndi anthu atatu pa shifiti amene anakulira m'komboni momwemo, oti woimba 993 akati kuseri kwa chigayo, pafupi ndi tchalitchi cha denga la buluu, iwo aliza kale injini.