Mbuzi zonse pa ng'ombe imodzi

Pepani ndakhala chete nthawi yaitali. Mukudziwa kale mmene teremu yachitatu imakhalira: kuchonga, kulondera mayeso, magetsi nawo kuzimazima. Lero sindikamba za MSCE. Ndikamba za mpira, ndipo mpira wake si wathu uno ayi, koma wa ku America uja wooneka ngati papaya, umene amathamanga nawo m'manja n'kumagwetsana ngati nkhunzi.

Wayambitsa nkhaniyi ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo. Pano ali ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, kumene Amalawi aliko ambiri ndithu, ndipo poti Chicago ndi pafupi, iye amasapota timu ya Chicago Bears. Sabata yatha anandiimbira pa WhatsApp usiku, ataiwala kuti kuno kwada kale, n'kuyamba kundifotokozera chinthu chimene kumeneko amachitcha draft.

Zimayenda chonchi. Ligi yawo, NFL, ili ndi matimu 32. Chaka chilichonse mwezi wa April matimuwa amagawana anyamata amene akuchoka m'makoleji. Sagula ngati mmene timachitira kuno. Amaima pamzere, aliyense n'kusankha mmodzi, mzere n'kuzungulira maulendo 7. Amene mudasewerapo mpira wachikulunga kudambo mukukumbuka: makaputeni awiri, uyu atchule wake, uyu atchule wake, mpaka atatsala kamwana kamene aliyense sakukafuna. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko timu imene inathera kunsonga kwenikweni chaka chathacho ndiyo imayamba kusankha, ndipo akatswiri a ligi amasankha pomaliza. Komanso malo ako pamzerewo ndi katundu. Ukhoza kugulitsa. Ukhoza kuuza mnzako amene ali kutsogolo kuti, "Ndipatse malo akowo, ine ndikupatsa anga, ndiwonjezerapo ena awiri, ndi a chaka chamawa omwe."

Atamaliza anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, mukadakhala inu, mukadapereka malo atatu kapena anayi kuti mupite kutsogolo mukatenge mnyamata mmodzi amene mtima wanu wakhazikika pa iye?"

Ndinaseka. Ndinati, "Iwe, ine mpira wakowo sindiudziwa."

"Mukuudziwa, aphunzitsi," iye anatero. "Paja munachitapo."

Foni inakhala kaye zii. Ndibwereranso ku mawu amenewa. Ndiyambe ndakuuzani zimene ndakhala ndikuwerenga chiimbireni iye, poti nkhaniyi yandisowetsa tulo.

Mu 1999 timu ya New Orleans Saints inali ndi kochi wotchuka, Mike Ditka. Mkuluyu anaona mnyamata wothamanga ndi mpira dzina lake Ricky Williams, basi mutu unaima. Timu yake inali pa nambala 12, ndipo ankadziwa kuti mzere ukamafika pamenepo mnyamatayo adzakhala atatengedwa kale. Ndiye anapita kwa a Washington, amene anali pa nambala 5, n'kuwapatsa malo onse amene anali nawo chaka chimenecho, 6, kuphatikizapo ena awiri a chaka cha 2000. Malo 8 pa munthu mmodzi! Magazini ina mpaka inawajambula awiriwa ngati akwati, Williams atavala diresi la ukwati. Chaka chimenecho Saints inapambana masewero atatu okha, inagonja 13, ndipo Ditka anachotsedwa ntchito. Williams sanali wosewera woipa ayi, anali waluso zedi. Koma pofika 2002 anali atapita ku Miami.

Ya mnyamata wangayu ndi ya posachedwa. Mu 2023 timu yake ya Chicago inali pa nambala 1. A Carolina Panthers, amene anali pa nambala 9, anagula malowo kuti atenge Bryce Young, ndipo mwa zimene anapereka panali malo awo oyamba a 2024. Carolina inachita moipa kuposa timu iliyonse chaka chimenecho, inapambana kawiri kokha, choncho malo anagulitsa aja anasanduka nambala 1, ndipo odyerera anali a Chicago. Pofotokoza zimenezi ankaseka mpaka kutsamwa.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pomwepa, bwenzi yankho lili losavuta. Koma mu 2017 a Kansas City Chiefs anachoka pa nambala 27 kufika pa 10, atapatsa a Buffalo malo atatu, mwa iwo oyamba a chaka chotsatira. Amene anamutenga ndi Patrick Mahomes, quarterback, ndiye kuti wosewera amene mpira umayambira m'manja mwake nthawi zonse timu ikamaukira. Ndi iyeyu anatenga chikho chachikulu, Super Bowl, mu 2020, 2023 ndi 2024. Lero ndani angati anapereka zambiri?

Ine zimenezi ndimazimva bwino ndikaganiza za msika wathu wa pa Lufita. Munthu amabwera ndi mbuzi zake zonse, kugulitsa, kuti agule ng'ombe imodzi yolimira. Sindimuseka munthu ameneyo. Mbuzi khumi sizingakoke pulawo, ngakhale uzimange bwanji. Pali ntchito zina zimene zimafuna ng'ombe basi. Koma funso limene ndimafuna kumufunsa ndi lakuti: kunyumba kuli inzake? Goli limafuna ziwiri. A Kansas City anali nayo kale inzake, goli ndi pulawo zomwe. Chaka cha 2016 anali atapambana masewero 12 mwa 16, kochi wawo Andy Reid anali wokhazikika, ndipo Mahomes chaka chake choyamba anangokhala pabenchi kuonerera Alex Smith, n'kudzasewera gemu imodzi yokha kumapeto. Ditka anafika ndi ng'ombe yake pakhomo popanda goli, khola la mbuzi lili pululu.

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri si ng'ombe. Ndi maso a wogulayo. Akatswiri awiri a ku America, Cade Massey ndi Richard Thaler (uyu anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2017), anafufuza masankho a zaka zambiri n'kupeza kuti matimu amalipira mopitirira muyeso kuti apite kutsogolo. Anapezanso kuti ukatenga osewera awiri a malo amodzi, woyamba kusankhidwa ndi womutsatira, mwayi woti woyambayo adzaposa mnzakeyo umangopitirira theka pang'ono. Pafupifupi ngati kuponya ndalama m'mwamba. Anthu amenewa ali ndi makanema, madokotala, anthu olipidwa kuti azingoyendayenda kuonera anyamata, koma amaphonyabe. Tom Brady, amene anatenga Super Bowl ka 7, anasankhidwa pa nambala 199 mu 2000.

Aphunzitsi anzanga, zimenezi si zachilendo kwa ife. Ndi kangati tinanena m'sitafu kuti, "Uyu ndiye wa ku yunivesite," mwana n'kudzathera panjira? Nanga kamtsikana kofatsa kakumbuyo kaja, kamene dzina lake tinkaliiwala, lero si ndiko kamatibaya jakisoni kuchipatala? Timawaona ana amenewa tsiku ndi tsiku kwa zaka zinayi, koma timalakwitsabe. Ndiye munthu angalumbire bwanji za mnyamata wa zaka 21 amene wangomuonera pa kanema?

Tsopano ndibwerere ku mawu aja, akuti ndinachitapo.

Nthawi imeneyo ndinali woyang'anira zamasewero pa sukulu ina kuno kwathu, sinditchula dzina. Tinali ndi kandalama kochepa ka chaka chonse: ka mipira, ka mayendedwe, ndi kogulira zovala za ana a Fomu 1 ndi 2, amene ndinkawaphunzitsa mpira Lachiwiri ndi Lachinayi. Tsiku lina tinakasewera ndi sukulu ina yoyendera ya kufupi ndi malire, ndipo kumeneko ndinaona mnyamata. Abale, mnyamata ameneyo! Wamtali, miyendo yonse iwiri yomenya, akadumpha ngati waima m'malere. Anatichinya zitatu yekha. Pobwerera pa lole sindinayankhule ndi munthu.

Ndinayamba kuyenda. Ndinakaonana ndi amalume ake kawiri pa njinga. Ndinavutitsa ahedi mpaka anavomera kuti malo apezeka mu Fomu 3. Mphunzitsi mnzanga wa sukulu inayo sankafuna kumutaya, ndiye ndinamupepesa ndi yunifolomu yathu yakale, seti yonse, ndi mipira itatu. Yunifolomuyo ndi imene ana a Fomu 1 akanavala. Kandalama kaja ndinagulira mnyamatayo nsapato za mpira, ndi kumuthandiza lendi ya kachipinda pafupi ndi sukulu. Mipira itatsala iwiri, ndinauza ana aang'ono aja kuti ayambe apuma kaye, tidzayambiranso teremu ya mawa. Anali ana oposa 20. Mmodzi mwa iwo anali kagoloboyi kochepa thupi, kamene kankafika pabwalo aliyense asanafike. Ndi iyeyu ali ku Indiana lero.

Teremu yoyamba zinayenda. Tinagonjetsa masukulu onse a m'zoni yathu, ndipo ndikamadutsa pamsika anthu ankandiitana kuti "kochi". Ndisaname, zinkandikoma. Titatsekera, mnyamata uja anapita ku Tunduma kukathandiza mbale wake geni. Sanabwerenso. Sindimuimba mlandu: kwawo kunali njala, ndipo zigoli sadyera nsima. Nsapato zija anapita nazo.

Teremu ya mawa ija itafika, ndinaitana ana aang'ono aja. Anabwera 6. Ena anali atazolowera kupita kwawo belu likangolira, ena anangokhumudwa. Patatha zaka ziwiri, pamene iwo akanakhala timu ya sukulu, tinalibe timu. Tinkatolera aliyense wamtali. Sukulu ija ndinaipatsa yunifolomu inabwera kudzatichinya 4 pakhomo pathu, itavala malaya athu omwe.

Kagoloboyi kaja sikanali m'gulu la 6 aja. Pa foni paja anandiuza, mosakwiya, akuseka, kuti chichokereni tsiku limenelo sanaimenso pagolo. Ine sindinaseke nawo.

Ndiye yankho langa kwa iye linali lotere. Ndikadakhala mwini timu, nthawi zambiri sindikadakwera. Ndikadakhala amene akugulitsa malo, kutolera mbuzi, poti ngati maso anga amaona bwino theka la nthawi yokha, kuli bwino ndisankhe kasanu kusiyana ndi kamodzi. Ndikadakwera pokhapokha timu ili kale yonse, chikusowa ndi munthu mmodzi pa malo amene mpira wonse umadutsa, ndiponso ngati mtengo wake sukupha chaka chamawa. Ndipo ndikadafunsa kaye kuti amene akukakamira kukwerayo ndani. Kochi amene ntchito yake ili m'madzi amagulitsa za mawa mosavuta, poti mawalo mwina sadzakhalapo. Inenso, kunena zoona, sindinkaganiza za sukulu. Ndinkafuna dzina la "kochi" lija.

Kuno kwathu draft kulibe, ndipo zinthu zimayenda mozondoka: wamphamvu ndiye amayamba kusankha. Chitipa United italowa mu Super League mu 2017 inatsika chaka chomwecho, n'kubwereranso mu 2019, masewero apakhomo ikukasewerera ku Karonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 100. Timu yotere mnyamata akangowala, maso a Bullets, Wanderers ndi Silver amakhala ali pa iye kale. Masapota timalira, timatukwana akuluakulu a timu kuti agulitsa tsogolo. Kale ndinkalira nawo. Pano ndimati msiyeni apite, fodya wako ndi amene ali pamphuno, bola ndalamayo ilowedi m'thumba la timu, ndipo ogulawo atibwereke anyamata awo awiri kapena atatu amene akungokhala pabenchi. Ngakhale Bullets yomweyo, imene inatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, sinadalire kugula kokha. Anyamata ake angapo anakulira m'timu yake yaing'ono.

Sindikuti mtima wanga unasintha kotheratu. Mwezi watha ndinaonanso mnyamata wina pa bwalo la pulayimale, wa Sitandade 8, wamanzere, ndipo ndinadzipeza ndikufunsa anthu kuti makolo ake amakhala kuti. Mayi a kunyumba atamva anangondiyang'ana, osanena kanthu.

Mnzathu wa ku Indiana walonjeza kutumiza mipira 5 ndi magolovesi a goloboyi, ang'onoang'ono, akuti a mwana wa Fomu 1. Wati ndisapatse wina aliyense wamkulu, ndipo akufuna chithunzi. Lachiwiri lapitali pabwalo panabwera ana 31, mipira ilipo iwiri, umodzi wotuluka mpweya. Amene muli ndi pampu yosagwiritsa ntchito, mundipeza kusitafu nthawi ya buleki.