Maziko ozikidwa, osati osenza

Lero ndabwera ndi liwu limodzi: maziko. Tikalimva timaganiza za ngalande yothiridwa konkire, yosenza khoma la njerwa. Komatu liwuli linachokera ku mneni kuzika, monga momwe tizikira nsichi kapena mzati, ndipo tanthauzo lakale limeneli ndi lomwe likuyenera minda ya magetsi a dzuwa, monga wa ku Salima wa mamegawati 60 umene unatsegulidwa mu 2021, kapena wa ku Golomoti wa mamegawati 20.

Mapanelo a sola ndi opepuka. Chimene mainjiniya amaopa kwambiri si kulemera kwake, koma mphepo imene imalowa kunsi n'kufuna kuwasasula ngati denga la malata. N'chifukwa chake pa minda yambiri yotere sakumba ngalande. Amakhoma zitsulo zikwizikwi m'nthaka, mamita awiri kapena cha pomwepo, ndipo ntchito isanayambe amakhoma zoyesera zingapo n'kuzikoka ndi makina kuti aone mphamvu imene ingazizule. Amayezanso ngati dothilo lili ndi mchere kapena asidi wodya chitsulo.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandikoka mtima ine wa zinenero. Munthu wa ku Ngabu safuna labotale kuti adziwe khalidwe la makande: m'chilimwe amang'aluka ming'alu yolowa dzanja, mvula ikagwa amafufuma n'kukakamira khasu. Chitsulo chozikidwa m'makande chimavutika kawiri. Dothi likauma limachitaya cha kumtunda, chimayamba kugwedera. Likanyowa limachikankhira m'mwamba. Choncho chiyenera kuzama mpaka pamene chinyezi sichisinthasintha ndi nyengo. Katondo alibe ukali wotere. Pa lubwe vuto ndi lina: chitsulo chimakana kulowa, ndiye ayambe aboola kaye.

Ngakhale kayezedwe kena sikachilendo. Njira imene anayambitsa Albert Atterberg wa ku Sweden, yopota dothi lonyowa mpaka likhale kachingwe ka mamilimita atatu n'kuona ngati kakuduka, woumba mbiya aliyense angaizindikire. Kusiyana kwake n'kwakuti injiniya amalemba manambala, ndipo manambalawo ndi ofunikadi. Dzina la dothi palokha silingakuuzeni kutalika kwa chitsulo.

Chondidetsa nkhawa ndi kumasulira. Malipoti oterewa amalembedwa m'Chingerezi, ndipo womasulira wofulumira angangolemba "dongo" paliponse, makande ndi katondo n'kukhala chinthu chimodzi. Akatero, anthu amene apereka minda yawo sangathe kufunsa funso limene akanafunsa mosavuta, lakuti kodi kudambo kuja mwazika mozama bwanji? (Paja liwu lakuti dambo akatswiri a nthaka analitenga momwemo m'mabuku awo a Chingerezi, osalimasulira.)

Anzathu a ku Chipata ndi ku Tete, dothi lakuda long'aluka lija kwanuko mumalitchanso makande?