Kutchipa kwa pa intaneti kumathera pa Kasungu boma

Inu amayi a zitenje a mu Limbe, inu a kaunjika pa Tsoka ku Lilongwe ndi inu a pa Zigwagwa ku Mzuzu, ndikudziwa kuti foni zanu zikusefukira ndi mauthenga okoma. Akuti chipinda cha kuhotela theka la mtengo, akuti tikiti ya ndege ya ku Johannesburg yotchipa ngati bonya. Ena mwayamba kale kugula, ena mukuti n'za akamberembere. Ine ndidati ndiyese ndi thumba langa lobowokali. Ndidasankha Lifupa, m'kati mwa nkhalango ya Kasungu, poganiza kuti ngati intaneti ingamufikitse munthu kumeneko ndiye kuti ingamufikitse kulikonse.

Poyamba tidziwane nawo eni ake a geniyi. Booking.com idayambira ku Netherlands mu 1996, chaka chomwecho Expedia idayamba ku America pansi pa kampani ya Microsoft. Palinso Skyscanner ya ku Scotland ndi Travelstart imene likulu lake lili ku Cape Town. Makampani amenewa alibe bedi ngakhale limodzi, alibe ndege. Ndi amkhalapakati, ngati anyamata aja amakulandirani pa depoti n'kukulozerani basi. Mwini hotela amawapatsa gawo la ndalama zimene inu mwalipira, kawirikawiri K15 pa K100 iliyonse, nthawi zina kuposa apo. Nanga n'chifukwa chiyani amatsitsa mtengo? Inu a tomato mukudziwa bwino. Chipinda chimene chagona chopanda munthu chili ngati tomato wa madzulo, mawa sagulitsika. Mpando wa ndege nawonso chimodzimodzi: ikangonyamuka, wapita.

Tsono ndidatsegula foni kufuna ndege. Apa ndiye padali nthabwala yoyamba. Ku Kasungu kulibe ndege yonyamula anthu imene tikiti yake mungagule pa makina amenewa. Zonse zimathera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kapena pa Chileka. Air Malawi idatha mu 2013, ndipo m'malo mwake mu 2014 mudabwera kampani yatsopano imene boma lidatenga magawo 51 pa 100, otsalawo n'kupita kwa Ethiopian Airlines. Koma wopita ku Lifupa zimenezo sizimukhudza. Wake ndi msewu wa M1, makilomita pafupifupi 130 kuchoka ku Lilongwe, kudutsa pa Mponela ndi Madisi, mawondo ali pachibwano m'minibasi.

Inu okaoda katundu ku Joni, ku Kariakoo ku Dar es Salaam kapena ku Guangzhou, za ndegezi zikukukhudzani kwambiri, choncho ndichedwepo pang'ono. Mtengo woyamba umene mukuuona, wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, si umene mudzalipire nthawi zonse. Onani kaye za katundu. Tikiti ina imalola zikwama ziwiri za makilo 23 chilichonse, ina chimodzi, ina kachikwama ka m'manja basi. Kwa mzungu wopita kokasambira kunyanja zilibe kanthu, koma kwa mayi wobwera ndi nsapato za malonda, makilo owonjezera angathe kudya phindu la ulendo wonse pa sikelo ya pa bwalo la ndege. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Onaninso ngati tikitiyo imalola kusintha tsiku. Zotchipitsitsa zambiri mukadwala kapena kukagwa maliro ndalama sizibwerera. Ndipo mukagula kudzera kwa mkhalapakati, vuto likagwa a ndege amakuuzani kuti mukadandaule komwe mudagula, pamene komwe mudagulako ndi nambala ya foni ya kutsidya kwa nyanja.

Chinanso, tikiti yeniyeni imakhala ndi chizindikiro cha zilembo ndi manambala zisanu ndi chimodzi. Lowetsani chizindikirocho pamodzi ndi dzina lanu pa tsamba la kampani ya ndegeyo. Dzina likapanda kutuluka, palibe tikiti. Aja a pa Facebook ndi WhatsApp amene amati tumizani kaye pa Airtel Money kapena Mpamba tikiti ibwera madzulo, afunseni chimenechi, muone mmene azimitsire foni.

Tibwerere ku Kasungu. Pa makinawo ndidapeza zipinda zingapo za pa boma, mitengo yake yolembedwa m'madola. Apa ndi pamene Mmalawi amapuma kaye. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pafupifupi K1,700, ndipo mu 2025 pa msika wa kuseri dola inkagulidwa mowirikiza kawiri ndi kuposa. Simudaiwale kuti mu Febuluwale chaka chimenecho mavenda a kaunjika adaguba ku Lilongwe chifukwa cha kukwera kwa mabelo. Kuti mulipire pa intaneti pafunika khadi la Visa kapena Mastercard, ndipo chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja mabanki akhala akuika malire pa zimene munthu angagule kunja ndi khadi. Ambiri a ife mpamba wathu uli m'foni ndi m'kathumba ka m'chiuno.

Ndisanadine kalikonse ndidafufuza nambala ya malo amodzi n'kuimba.

"Achimwene, ndinu Mmalawi?" adafunsa mnyamata wa pa kauntala. "Ndiye za madolazo zisiyeni. Bwerani ndi makwacha tikambirana."

Tidakambiranadi. Chipinda chomwecho, bafa lomwelo, ndipo zotsala zidakwana nsima ya nkhuku ya lokolo ndi kabaza. Chifukwa chake n'chosavuta: mwini malo akapanda kugawana ndi a ku Amsterdam amakhala ndi mpata wokutsitsirani. Sindikuti makinawo ngachabe, ayi. Adandionetsa zithunzi, adandionetsa zimene ena ogonapo adalemba za madzi ndi udzudzu, ndipo mukapita ku Dar es Salaam kapena ku Guangzhou kumene mulibe m'bale, kukhala ndi chipinda chosungitsa kale n'chanzeru kusiyana n'kuyendayenda usiku ndi ndalama za oda m'thupi. Kungoti pano pakwathu foni ndi pakamwa zidakali ndi mphamvu.

Mmawa mwake ndidalowera kumadzulo, phiri la Kasungu likutsalira m'mbuyo. Galimoto yake idali yochita kupangana ndi mwini wake pa boma, chifukwa minibasi sizilowa m'nkhalango, ndipo mtengo wa ulendo umenewu udaposa wa chipinda. Palibe tsamba la intaneti lidandiuza zimenezo. Msewu ngwafumbi, mbali zonse minda ya fodya, zigafa za udzu ndi mabani a njerwa ochiziramo fodya wa kampopi. Dziko lake ndi lathyathyathya, maso amafika kutali. Fodya ameneyu ndiye amabweretsa madola ambiri m'dziko muno, mabelo ake amakathera ku okushoni ya Chinkhoma kapena ku Kanengo, koma tenanti wolima fodyayo sadaionepo dola ndi maso. Ndidaganiza zimenezi foni yanga ili m'manja, ikundionetsabe zipinda za madola, mpaka netiweki idayamba kuthawathawa.

Pa geti la Lisitu minda imatha mwadzidzidzi ngati wadula ndi mpeni, n'kuyamba mitengo ya mombo. Pamenepo mumalipira zolowera, ndipo Mmalawi amalipira zochepa kusiyana ndi mlendo wakunja, choncho chitupa cha unzika musachisiye kunyumba. Tsekani mawindo, kashembe wa kumeneko amaluma ngati singano ya kuchipatala.

Nkhalangoyi idakhala paki mu 1970. Kukula kwake ndi masikweya kilomita opitirira 2,300, yachiwiri kwa Nyika, ndipo kumadzulo imachita malire ndi Zambia. Lifupa weniweniyo ndi damu, tinyumba togonamo tili m'mphepete mwake. Ndidafika dzuwa litapendeka. Mvuu zidali phwii m'madzi, makutu okha kunja, kenaka imodzi idalira mokhala ngati mdala akuseka nkhani ya pa mowa. Chakumadzulo njovu zidatsika kutsidya kudzamwa, ana ali pakati. Ine wokulira m'tauni, wozolowera phokoso la zigayo ndi oitanira minibasi, ndidangoti kukamwa yasa.

Njovu zimenezi zili ndi nkhani yake. M'zaka za m'ma 1970 m'nkhalangoyi mudali njovu zoposa 1,000, koma opha nyama mozemba adazitha mpaka mu 2015 zidatsala pafupifupi 50. Mu 2022 boma, mogwirizana ndi mabungwe a African Parks ndi IFAW, lidasamutsa njovu 263 kuchoka ku Liwonde kubwera nazo kuno pa malole. Kwa ofuna alendo idali nkhani yabwino, ndipo zithunzi zake n'zimene zimakopa anthu pa intaneti. Kwa a m'midzi yoyandikana, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, idali nkhani ina. Njovu zidatuluka, zidadya chimanga m'minda ndi m'nkhokwe, ndipo anthu adafa. Mu 2025 zidamveka kuti ena mwa anthuwo adapeza maloya a ku Britain kufuna chipukutamisozi kwa IFAW, bungwelo n'kukana kuti silidalakwe. Mpanda wamagetsi wakhala ukumangidwa kumalire a kummawa.

Wofuna kupita asankhe chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, udzu utauma ndipo nyama zikusonkhana pa madzi. Nthawi ya dzinja misewu ya m'katimo imasanduka phala, galimoto yaing'ono imatitimira. Imbani foni kaye musananyamuke kuti mudziwe za malo ogona ndi chakudya, tengani mafuta okwanira pa boma, ndipo mukhale anthu anayi kapena asanu kuti mugawane mtengo wa galimoto. Woyendetsa wangayo adandiuza pobwerera kuti mwezi wonsewo ndidali Mmalawi woyamba kumulemba ganyu yopita kukaona njovu. Ena onse adali opita kumaliro ndi onyamula mabelo.