Mawu a kiyibodi ali ndi mutu ndi mchira

Anzanga, Lamulungu likubwerali mukatchere khutu ku kiyibodi ya kutchalitchi kwanu. Mnyamata adzadina noti yomweyomweyo, ulendo wina mudzamva piyano, ulendo wina vayolini. Chasintha n'chiyani? Kukhuthala kwa mawu kumasinthadi, koma nkhani yaikulu ili pa mmene mawuwo akuyambira ndi mmene akuthera.

Izi anandiphunzitsa ndi mlongo wanga wamng'ono, amene amapanga nyimbo pa kompyuta ndi FL Studio. Anthu a m'masitudiyo amazitcha envelope, ndipo amazidula pa magawo anayi: attack, decay, sustain ndi release. Musaope Chingerezicho, zinthu zake mumazidziwa kale. Kumbukirani limu ya galimoto yopachika pamtengo kusukulu ija. Akaimenya, phokoso limafika pamwamba nthawi yomweyo, ngwee! Attack yaifupi imeneyo. Kenaka limanka lizilala lokha, ndiyo decay. Wezulo ya refa ndi yosiyana, imalira pa mlingo umodzi mpaka mpweya umuthere. Mlingo umenewo ndiye sustain, ndipo pa anayiwa ndi wokhawu umene suyezedwa ndi nthawi: umangonena kuti mawu akhale okwera bwanji chala chikadali pa batani. Release ndi mchira, nthawi imene mawu amatenga kuti afike pa zii mutachotsa chala.

Magawo anayiwa anakhazikika ku America m'zaka za m'ma 1960, pamene Robert Moog ankapanga makina ake opekera mawu, atalangizidwa ndi wopeka nyimbo Vladimir Ussachevsky. Koma imene imandisangalatsa ine ndi ya Pierre Schaeffer ku Paris mu 1948. Bamboyu anajambula kulira kwa belu n'kuchotsako poyambira pake. Zotsalazo sizinamvekenso ngati belu, zinkamveka ngati chitoliro chotchedwa oboe. Khutu lathu limazindikira chida pa kamphindi koyambirira kaja.

Tsono chandilembetsa n'chakuti ine ndimayimba kwaya ya amayi, ndipo kiyibodi ikutipweteka. Anyamata ambiri amakonda mawu a strings aja, olowa mwaulesi, a mchira wautali. Pa nyimbo yodekha, ya nthawi ya pemphero, amakoma zedi, sindikana. Koma muwaike pa kolasi yothamanga muone. Attack ikachedwa, chala chimagunda pa nthawi yake koma mawu amafika mochedwa, ndiye ife oyimba timayamba kudikira. Ukadikira pang'ono pa mzere uliwonse, pofika ndime yachitatu nyimbo yonse yalemera ngati mukukankha wilibala ya mchenga. Mchira nawo ukatalika, kodi yakale imakhala ikulirabe pamene yatsopano yalowa, ziwirizo n'kumamenyana. Onjezanipo tchalitchi cha malata chopanda siling'i, chimene chimabweza mawu pachokha. Agogo akumbuyo amangomva wuuu, mawu a nyimboyo osawatola. Pamaliro ndiye zimandiwawa kwambiri, chifukwa anamfedwa amafuna amve zimene tikuwayimbira.

Ena amathamangira kutsitsa voliyumu. Sizithandiza kwenikweni, matope ochepa ndi matopebe. Chofunika n'kufupikitsa mchira ndi kusankha mawu olowa msanga. Piyano imagunda n'kuzilala, ndiye imasiyira malo oyimba. Ogani imayamba ndi chala, imatha ndi chala, n'chifukwa chake imatsogolera bwino mpingo.

Ndikudziwa kuti makiyibodi ambiri otchipa alibe poti mungasinthire magawo anayi onsewo. Komabe ambiri ali ndi sustain ndi reverb, ndipo mwana woyimbayo amaziyatsa zonse chifukwa akamayeserera yekha kunyumba zimamveka zapamwamba. Ngati ndi mwana wanu kapena mphwanu, musamukalipire pagulu. Mupempheni tsiku la pulakatisi ayimbe kolasi imodzi kawiri, koyamba ndi strings, kachiwiri ndi piyano atathimitsa sustain, inu mutakhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni pamene amakhala agogo.