Tisanagule penti, tiyambe tafunsa alezi



Ife anamwino tinaphunzitsidwa kuti usanapereke mankhwala uyambe wafunsa wodwala pamene pakumupweteka. Phunziro limeneli tinalilandira m'kalasi kunja kuno ndipo talitsata kwa zaka zambiri m'zipatala za mu Dublin, koma tinaliiwala tsiku limene tinafuna kuthandiza kwathu komwe.

Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, achemwali athu anatitumizira zithunzi za sukulu ya mkaka ya m'mudzi mwathu ku Phalombe. Denga linali litasasuka, khoma limodzi litagwa, ana akuphunzirira pansi pa mtengo wa mango. Zithunzizo tinazionetsa anzathu a kuntchito tikumwa tiyi pakati pa usiku, ndipo sabata isanathe angapo anali atadzipereka kuti tchuthi chawo akachithere kumudziko. Sitinadabwe, pakuti ubale wa maiko awiriwa si wa lero. Ireland inatsegula ofesi ya kazembe ku Lilongwe mu 2007, ndipo bungwe la Wells for Zoë lakhala likuthandiza midzi yozungulira Mzuzu kupeza madzi abwino kuyambira mu 2005.

Titasonkha ndalama, tinaika padera za malata ndi penti, kenaka tinadzaza zikwama ndi zidole komanso mabuku a zithunzi. M'mutu mwathu munali sukulu zimene ana athu amapitako kuno, kumene boma lakhala likulipirira maphunziro a mmera mpoyamba kuyambira mu 2010. Sitinaimbe foni kufunsa munthu wina aliyense.

Chilimwe chotsatira titafika kumudzi, anatilandira ndi nthungululu. Koma titakhala pansi ndi amfumu, komiti ndi alezi, mayi wamkulu mwa aleziwo anatithokoza mwaulemu, kenaka anatipempha kuti penti ayambe wadikira. Choyamba ankafuna chimbudzi ndi mpondagiya, chifukwa ana ankadzithandiza kuthengo pamene kolera wa mu 2022 ndi 2023 anali atangotha kumene anthu. Chachiwiri, pansi pa simenti, pakuti fumbi linkapatsa ana matekenya ndi chifuwa. Chachitatu, khitchini yophikiramo phala, poti tsiku lopanda phala ana ambiri sabwera n'komwe.

Kunena zoona, tinachita manyazi. Ife tomwe timaphunzitsa anthu kusamba m'manja tsiku ndi tsiku, tinawoloka nyanja ndi zidole osaganizako za chimbudzi.

Tinasintha dongosolo tsiku lomwelo. Amuna a m'mudzi anapereka njerwa zomwe anali ataotcha kale, amayi anatuta mchenga kumtsinje, mmisiri wa konko ndiye analamula ntchito, ndipo alendo athu anakanda matope ndi kutunga madzi mpaka manja kuchita matuza. Mutu umodzi susenza denga, ndipo tinaona ndi maso tsiku lokhoma malata. Penti tinapaka khoma la kutsogolo lokha, ndi ndalama zotsala.

Koma mlendo ndi mame. Patatha masabata awiri tonse tinakwera ndege kubwerera ku Dublin. Amene anatsala ndi amayi aja, omwe amasiya khasu m'mawa uliwonse kukalera ana a anzawo popanda malipiro a mwezi ndi mwezi. Ife tinadzipereka masiku 14 ndipo anatiombera m'manja. Iwo adzipereka kwa zaka zambiri, koma chithunzi chawo sichinatulukepo paliponse.

Ndiye pempho lathu ndi ili, abale. Kukagwa zovuta timasonkha msanga kuti titumize maliro kumudzi, ndipo zimenezo n'zoyenera. Tiyeni mtima womwewo tiuonetsenso pa ana amoyo. Ngati kwanu kuli sukulu ya mkaka, muimbire foni alezi ake mwezi uno, muwafunse pamene pakupweteka. Mwina adzati sopo, mwina thumba la soya, mwina maphunziro a mlezi mmodzi. Inu ophunzira amene mukuti mulibe ndalama, mayuro asanu a khofi akaphatikizidwa ndi a anzanu amagula simenti.

Dzinja lino denga lija silinadonthe. Achemwali akuti chofunika tsopano ndi mphika waukulu, chifukwa ana achuluka. Ulendo uno tafunsa kaye.