Thumba la ufa ndi nkhokwe: nkhani ya laputopu ya kalabu yathu

Abale anga, lero sindikamba za soya kapena feteleza. Ndikamba za laputopu imene imasunga mayina a mamembala a kalabu yathu, ngongole za banki m'khonde, ndi makilo amene aliyense anabweretsa pa sikelo. Musaseke. Zolembazi zitasowa, pamudzi pano anthu akhoza kusiya kupatsana moni, paja ndalama ilibe chibale.

Ine ndine mlembi. Laputopuyi ndi ya kaunjika, yopangidwa cha mu 2014, tinachita kusonkherana. Chaka chino inayamba ulesi. Ukaiyatsa umatha kukapatsa nkhuku madeya, kubwerako isanadzuke. Ena anati tigule ina. Ena anati, "A mlembi, ingoikanimo Windows yatsopano basi." Onse ankafuna zabwino, koma matenda anali awiri, ndipo aliwonse ali ndi mankhwala ake.

Matenda oyamba anali mu hard drive, mosungira zinthu muja. M'kati mwake muli timbale tozungulira, m'malaputopu ambiri maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, ndi kamkono kowerenga kamene kamayendayenda pamwamba pake. Amene munaonako galamafoni ya agogo mwamva kale, kungoti kamkono aka kamayandama osakhudza mbale. Ukafuna fayilo, kamayamba kayenda kukaifuna. Ndiye kuchedwako. Ndipo laputopu ikagwa pa benchi ili yoyaka, kamkono kamakanda mbale, zolemba zija n'kupita.

Mnzake wa hard drive ndi SSD. Iyi mulibe chozungulira chilichonse, imasunga zinthu monga imachitira foni kapena flash. Hard drive ya laputopu imawerenga pafupifupi 100MB pa sekondi, pamene SSD yolowa pamalo omwewo imafika cha m'ma 500MB. Siiopa kwenikweni mabampu a pa kabaza, komanso siidya moto wambiri. Kwa ife odalira kasola kamodzi, kamene nthawi ya dzinja kamachita ngati kakudwala, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Koma musafulumire kunyoza hard drive. Pa ndalama zofanana, imakupatsani malo aakulu kuposa SSD. Ikayamba kufa nthawi zambiri imachenjeza: imalira tiki-tiki, mafayilo ena n'kumakana kutseguka. SSD imatha kungozima tsiku limodzi osatsanzika, ndipo kutulutsamo zinthu kumavuta zedi. Komanso si yoti muiike mu sutikesi zaka zambiri osailumikiza ku moto, imatha kuyamba kuiwala.

Mmene ndimazionera ine, SSD ndi thumba la ufa la m'khitchini: lili pafupi, umatapa msanga, tsiku ndi tsiku. Hard drive ndi nkhokwe: yaikulu, yosungiramo, supitako kawirikawiri. Kodi alipo amene amaphwasula nkhokwe chifukwa wagula thumba latsopano? Ndiye ife tinagula SSD ya 256GB, yokwanira bwino zolemba zathu. Hard drive yakale ija wokonza makompyuta wa pa trading anaiyeza, n'kupeza kuti ndi yochedwa chabe koma ili moyo. Anaiika mu kabokosi ka USB. Tikatha msonkhano uliwonse ndimakoperamo zonse, ndipo kabokosiko kamagona kwa amayi msungichuma, osati kwanga. Kope lachikuto cholimba nalonso sitinalisiye. Chiswe chikadya kwina, kwina kutsale.

Matenda achiwiri ndi Windows. Laputopu yathu inali ndi Windows 10, imene inatuluka mu 2015. A Microsoft anasiya kuisamalira mwa nthawi zonse pa 14 October 2025. Si kuti kompyuta imazima ayi, imayakabe bwinobwino. Koma zili ngati khola limene mwini wake wasiya kutseka mipata: mbuzi zilimo, koma fisi akapeza polowera palibe wobwera kudzakonza. Ukamalowa nayo pa intaneti, kapena kumalandira ma flash a aliyense, mavairasi amapeza njira.

Nanga bwanji osangoika Windows 11? Apa ndi pamene ambiri a kaunjika timagwa ulesi. Windows 11, imene inabwera mu 2021, imafuna RAM yosachepera 4GB, malo a 64GB, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso purosesa yatsopanoko. Kwa Intel ndi kuyambira m'badwo wa 8. Yathu ndi ya m'badwo wa 4. Anyamata ena amadziwa kuikakamiza, inde imalowa, koma eni akewo ananeneratu kuti kompyuta yotero salonjeza kuti izilandira zokonza zonse. Za masewera zilibe kanthu, koma za ngongole za anthu ine ayi.

Tinakhala pansi n'kuona njira zitatu. Yoyamba, kukhalabe pa Windows 10 koma osailowetsa pa intaneti. Yachiwiri, kugula laputopu ina, kutanthauza kudya ndalama za mbewu. Yachitatu, kuika Linux Mint, imene ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina okalamba. Tinasankha yachitatu. Imabwera ndi LibreOffice, imene imatsegula mafayilo athu a Excel ndi Word. Sabata yoyamba dzanja linkasochera, mabatani ali pena, koma njinga yatsopano nayonso umayamba waizolowera. Chenjezo langa n'lakuti mapulogalamu ena a Windows sayenda pa Linux. Ngati bungwe limene mumagwira nalo ntchito linakupatsani pulogalamu yakeyake, yambani mwafunsa musanasinthe.

Ndondomeko yake musaisokoneze. Choyamba koperani zonse kwina, n'kutsegula mafayilo angapo kuti mutsimikize kuti akoperekadi. Kenako sinthani disiki. Pomaliza ikani dongosolo latsopanolo pa SSD, yakale ija musaifufute mpaka mutakhutira. Fayilo yoikira ndi ya ma GB angapo, ndiye musatherepo bandulo. Pemphani wokonza amene ali nayo kale pa flash.

Pano laputopu ija imadzuka ndisanamalize kutsegula kope. Amayi a banki m'khonde sakudikiranso dzuwa likuwaswa mutu kuti amve ngongole zawo, ndipo ndalama zimene zikanagula ina zalowa ku mbewu ya mtedza.

Inu amene mukufuna kugula ya kaunjika mukagulitsa mbewu, musakopeke ndi kuwala kwa chikuto. Funsani zitatu: muli SSD kapena hard drive? Purosesa ndi ya m'badwo uti? Batire limakhala maola angati? Wogulitsa akayamba kuzungulira, tsanzikani bwino, safunsa anadya phula.

Alembi anzanga a makalabu ndi a mipingo, inu zolemba zanu zimagona pangati? Tiuzane. Mawa tibwerera ku munda, nkhani ya anankafumbwe ikutidikira.