Mlandu wa Yadi Imodzi

Mzinda wa Toledo uli m'dera la Ohio, koma unakhala pamalire penipeni ndi dera la Michigan. Munthu akanyamuka pa galimoto kulowera kumpoto, pakatha pafupifupi ola limodzi amakhala wafika ku Ann Arbor, kwawo kwa yunivesite ya Michigan. Akalowera ku Columbus, kwawo kwa Ohio State, amayenda maola oposa awiri. Choncho anthu a mu Toledo msonkho amakhomera ku Ohio, koma mitima ya ambiri inapita kumpoto. Mwezi wa Novembala ukafika, khomo ili limakweza mbendera yofiira, khomo linalo mbendera yabuluu yokhala ndi chilembo M chachikasu. Ine ndinakwatira m'banja lomwe lili ndi mbendera zonse ziwiri. Apongozi anga aamuna akhala akuchemerera Michigan kuyambira ali mnyamata. Mwana wawo wamwamuna, mlamu wanga, anakaphunzira ku Columbus, ndipo anabwerako atafiira mpaka masokosi.

Udani wa madera awiriwa ndi wakale kuposa mpira womwe. M'zaka za 1835 ndi 1836, Ohio ndi Michigan analimbirana kachigawo ka dziko komwe kuli Toledo lero. Gwero lake linali mapu olakwika. Omwe analemba malamulo a malire ankaganiza kuti nyanja ya Michigan imathera chakumpoto kuposa pomwe imathera zenizeni, ndiye oyeza malo anatulutsa mizere iwiri yosiyana, mbali iliyonse n'kukakamira mzere woikomera. Asilikali anasonkhanitsidwa uku ndi uku, koma palibe anafa. Boma la ku Washington linapereka Toledo kwa Ohio, Michigan n'kupepesedwa ndi chigawo chachikulu cha Upper Peninsula. Mayunivesite awiriwa anakumana koyamba pa mpira mu 1897, Michigan n'kupambana 34 kwa 0. Woody Hayes, yemwe anaphunzitsa timu ya Ohio State kuyambira 1951 mpaka 1978, dzina la Michigan sankafuna n'kulitchula komwe, ankangoti timu ya kumpoto ija. Mpaka lero, sabata ya masewerowa ikafika, ophunzira ku Columbus amamata tepi yofiira pa chilembo M chilichonse pa zikwangwani za pasukulu.

Kwa amene anakulira pa mpira wa miyendo monga ine, mpira wa ku America umaoneka poyamba ngati ndewu ya anthu ovala zipewa zolimba. Koma mutu wake ndi wosavuta. Timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mipata 4 yoti isunthe mayadi 10 kulowera kumalo kwa adani ake. Ikakwanitsa, imapatsidwanso mipata ina 4. Ikalephera, mpira umapita kwa enawo. Kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, komwe amati touchdown, ndi mapointi 6, ndipo pamakhala mwayi wowonjezerapo. Kuumenya ndi phazi n'kudutsa pakati pa mitengo ndi mapointi 3. Yadi imodzi ndi masentimita 91 ndi pang'ono. Chodabwitsa n'chakuti m'masewero a ndalama zankhaninkhani chotere, malo pomwe mpira wafika amasankhidwa ndi diso la munthu. Wosewera akagwetsedwa pansi pa mulu wa anzake, woyimbira amathamanga kuchokera m'mbali mwa bwalo, n'kuponda pomwe iye waona kuti mpira unafika. Pomwe wapondapo ndi pomwepo.

Pa 26 Novembala 2016, Ohio State inali pa nambala 2 m'dziko lonse, Michigan pa nambala 3. Anthu oposa 110,000 anadzaza bwalo la ku Columbus. Aphunzitsi a matimu onse awiri, Urban Meyer wa Ohio State ndi Jim Harbaugh wa Michigan, anabadwira mu Toledo momwemu, motalikirana ndi miyezi yosakwana 7. Michigan inali isanapambane ku Columbus chichokere chaka cha 2000, ndipo tsikuli inkaoneka kuti yamasuka. M'chigawo chachitatu inkatsogola 17 kwa 7. Ohio State inakwawa pang'onopang'ono, ndipo Tyler Durbin, yemwe anali ataphonya kale kawiri, anamenya mpira wofananitsa 17 kwa 17 kutatsala sekondi imodzi. Mu nthawi yowonjezera yoyamba matimu onse anapeza touchdown. Mu yachiwiri Michigan inapeza mapointi 3, zinthu n'kukhala 27 kwa 24.

Apa ndi pomwe panabadwira mlandu. Ohio State inali pa mpata wake wachinayi, pa mzere wa 16, ikufunika yadi imodzi kuti ifike pa mzere wa 15. Meyer akanatha kutuma womenya uja kuti afananitsenso, koma anasankha kuponya zonse pa yadi imodziyo. J.T. Barrett ananyamula mpira yekha, anagundidwa ndi wa Michigan, n'kukawomba kumbuyo kwa mnzake wa timu yake yomwe, kenako n'kugwa. Oyimbira anati mpira unafika. Anakaonanso pa kanema, chigamulo n'kukhala chomwecho. Akanati sunafike, masewero akanathera pomwepo, Michigan itapambana. Pa mpata wotsatira Curtis Samuel anathamanga mayadi 15 otsalawo, Ohio State n'kupambana 30 kwa 27. Harbaugh polankhula ndi atolankhani anatambasula manja kusonyeza mpata womwe iye anaona kuti unatsala, anadzudzula oyimbira, ndipo bungwe la Big Ten linalamula chindapusa cha madola 10,000 chifukwa cha mawu akewo.

Ife tinaonera masewerowa pabalaza pa apongozi, ndipo m'nyumbamo munali kale nkhungu ina. Pa 8 Novembala kunali chisankho cha pulezidenti. Bambo ndi mwana wake anavota mosiyana, wina Donald Trump, wina Hillary Clinton, ndipo usiku wa zotsatira anauzana pa foni mawu omwe sindingawabwereze pano. Kuyambira pamenepo analeka kulankhulana. Pa chakudya cha Thanksgiving, Lachinayi la sabata yomweyo ya masewero, apongozi aakazi analetseratu ndale patebulo. Tinadya nkhukundembo kukungomveka mafoloko. Mlamu wanga akafuna mchere ankapempha kwa mlongo wake, chonsecho mcherewo uli pafupi ndi dzanja la bambo ake.

Samuel atangodumphira kumapeto kwa bwalo, chete wa masabata awiri ndi theka anasweka.

“Sanafike ameneyo!” anakuwa apongozi, ataimirira, chala chili pa wailesi yakanema. “Wagunda mnzake n'kubwerera. Aliyense wamaso waona.”

“Adadi, lamulo limayang'ana pomwe mpira unafika, osati pomwe munthu wagwera,” anayankha mlamu wanga. “Nsonga yokha ikakhudza mzere, basi zatha.”

“Nsonga yake iti? Iwe unaiona nsongayo?”

Anabweza chithunzicho kambirimbiri. Anachiimitsa, anachiyendetsa pang'onopang'ono, mlamu wanga mpaka anatenga rula ya mwana wa sukulu n'kuigoneka pagalasi. Apongozi anawerenga milandu ina: timu ya Ohio State inalangidwa kawiri kokha masewero onse pomwe Michigan inalangidwa ka 7, ndipo wosewera wawo wina anakokedwa asanagwire mpira mu nthawi yowonjezera koma oyimbira anayang'ana kumbali. Mlamu wanga anabweza ndi yake: Michigan inataya mpira katatu ndi manja ake omwe, kamodzi pakhomo penipeni pa touchdown, kwina Malik Hooker n'kuuwakha n'kukagoletsa. Kodi amenewonso anali oyimbira?

Atatopa anatembenukira kwa ine. Anati poti ndine wochokera kutali, ndilibe mbali, ndiweruze ndine. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma mkamwini amene akufuna kukhalitsa pamudzi amasamala pomwe akumeta. Komabe ndinanena zomwe ndinaona, ndipo maganizo anga ndi omwewo mpaka lero. Makamera omwe anali mbali yabwino anatchingidwa ndi matupi a osewera. Omwe ankaona mpira bwino anali chopendekera, ndipo chithunzi chopendekera chimasuntha mzere malinga ndi komwe waima. Lamulo la kanema limati chigamulo cha pabwalo chisinthidwe pokhapokha pali umboni wosatsutsika. Ndiye woyimbira uja akanati mpira sunafike, chigamulo chimenechonso chikanaima, ndipo wolira akanakhala mlamu wanga. Onse awiri anandiyang'ana ngati ndawabera. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo tsikulo ndinavumbwa ndithu.

Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti panalibe wonama pakati pawo. Apongozi ankaonadi mpata pakati pa mpira ndi mzere. Mlamu wanga ankaonadi mpira uli pamzere. Chithunzi chinali chimodzi, choimitsidwa, pagalasi limodzi, anthu ake a magazi amodzi. Diso limapita komwe mtima watsogola, ndipo mwini diso sadziwa kuti latsogozedwa. Ndinaonanso kuti masewero othera pafupi chotere amakhala mulu wa tinthu tambirimbiri, tomwe kalikonse kakanatha kusintha zotsatira. Koma woluza safuna mulu. Amasankhapo kamodzi, ndipo kawirikawiri amasankha komwe wolakwa wake ndi wakunja. Kunena kuti mnyamata wathu anataya mpira katatu kumawawa, chifukwa mnyamatayo ndi wathu, ndi mwana wa sukulu, ndipo anasewera atangochoka kovulala. Kuloza woyimbira sikupweteka aliyense wa m'nyumba.

Mkanganowo unafika poipa kamodzi kokha. Apongozi anati oyimbira ena ndi a ku Ohio, ndipo masewero onse anakonzedwa kale. Pabalaza panazizira. Mawu amenewo ndi a mtundu wina. Ukamakangana za yadi, mnzako akhoza kukuonetsa chithunzi, iwe n'kumuonetsa china. Ukanena kuti zonse n'zogulidwa, palibenso chithunzi chingakuyankhe, chifukwa chilichonse chotsutsana nawe chimasanduka mbali ya chiwembucho. Apongozi aakazi, omwe nthawi yonseyi ankaluka chipewa osalankhula, anafunsa amuna awo modekha kuti, “Ngati zinakonzedwa kale, chaka chamawa tidzazimitse wailesiyi, eti?” Mdala uja anakhala pansi. Patapita kanthawi anabwerera ku nkhani ya nsonga ya mpira, ndipo tonse tinapuma.

Ndaganizira kwa zaka zambiri chifukwa chomwe anthu awiriwa anatha kukangana maola atatu za Barrett pomwe za chisankho sanathe ngakhale mphindi zitatu. Yankho lomwe ndinapeza ndi ili: pa mpira amagwirizana zinthu zambiri kuposa zomwe amasiyana. Onse amavomereza kuti mzere unali wa 15. Onse amadziwa lamulo. Onse amavomereza kuti m'buku munalembedwa 30 kwa 27, ngakhale mmodzi amatero akukukuta mano. Ndipo onse amadziwa kuti Novembala wina akubwera. Mkangano wokhala ndi mpanda chotere munthu akhoza kulowamo ndi ukali wake wonse, n'kutulukamo chibale chili chonse. Sindikunena kuti mpira unathetsa kusiyana kwawo pa ndale. Amavotabe mosiyana, ndipo nkhaniyo saikhudza. Koma unawapatsa khomo lolowera pamene makomo ena onse anali otseka.

Pa 31 Disembala chaka chomwecho, Ohio State inakwapulidwa ndi Clemson 31 kwa 0. Usiku womwewo apongozi anaimbira foni mwana wawo, koyamba chichitikire chisankho, kumufunsa ngati oyimbira aja anaiwala kukwera nawo ndege. Mlamu wanga anawakumbutsa kuti dzulo lake Michigan inali itagonja kwa Florida State 33 kwa 32. Anacheza mpaka chaka chatsopano chinawapeza pa foni.

Mpanda uja umatha kugwa, ndipo tinaona ukugwa. Michigan inagonjabe mu 2017, 2018 ndi 2019. Mu 2020 masewero analephereka chifukwa cha mliri wa Covid-19. Kenako mphepo inatembenuka, Michigan n'kupambana zaka zinayi zotsatizana. Pa 30 Novembala 2024 inapambana 13 kwa 10 ku Columbus komweko, pomwe anthu ambiri ankaiyesa yofooka. Osewera ake anafuna kuzika mbendera yawo pakati pa bwalo la eni ake, ndewu inabuka, apolisi mpaka anapopera tsabola m'maso mwa osewera, ndipo sukulu iliyonse inalipitsidwa madola 100,000. Bambo ndi mwana anaonera limodzi zimenezo, ndipo kwa kanthawi anakhala mbali imodzi: onse anati n'zamanyazi. Anasiyana pongofuna kudziwa amene anayamba.

Patangotha masabata 7, pa 20 Januwale 2025, Ohio State yomweyo inagonjetsa Notre Dame 34 kwa 23 n'kukhala akatswiri a dziko lonse. Apa panabadwa mlandu watsopano womwe rula singathandize: chachikulu n'chiti, chikho cha dziko lonse kapena kugonjetsa mnansi wako? Mlamu wanga amati chikho. Apongozi amati munthu amene wamenyedwa pakhomo pake asamadzitame kuti anagwetsa anthu kumsika.

Koma wa 2016 uja sunaole. Adzukulu omwe anali asanabadwe tsikulo amaudziwa ngati nthano ya pabanja. Nkhani ikangofika pa Barrett, apongozi amaika kapu pansi, n'kutambasula manja monga anachitira Harbaugh, kusonyeza mpata womwe unatsala kuti mpira ufike pamzere. Chaka chija mpatawo unali ngati chikhatho chimodzi. Ulendo wapitawu ndinaona kuti mwana wakhanda akhoza kugonamo.